Chipululu cha Amalume Kuseri kwa Bafa

Amalume anakalambira pa ntchito yometa anthu, ndipo ankati tsitsi silinawatopetse, chinawatopetsa ndi pakamwa pa eni tsitsiwo. Munthu akangokhala pampando ankayamba kukhuthula zonse: za mkazi, za abwana, za mwendo wotupa. Tsiku lomwe anatseka shopu analumbira kuti makutu awo apuma basi.

Koma kwathu si kopumitsira makutu. Kuli ana, kuli wailesi, kulinso amayi anga, mlongo wawo wa amalumewo, amene akanong'ona aneba amayankha. Choncho amalume anatulutsa makasu ndi matayala akale m'kachipinda ka kuseri kwa bafa, n'kulowetsamo bedi, galasi ndi mpando wawo wometera. Pachitseko analembapo ndi penti yofiira: HAMITEJI.

"Chingerezi chimenecho," anatiuza chifuwa chili patsogolo. Mawuwo anawatola kwa kasitomala wina, mphunzitsi. "Ndi nyumba ya munthu wothawa anthu. Muzu wake ndi mawu a Chigiriki otanthauza chipululu, poti kale anthu opemphera ankathawira kumeneko. Ndiye pasapezeke wondisokosa."

"Chipululu chokhala ndi mpopi pakhomo?" anatero amayi.

Kulakwa kwathu kunali kumodzi: tinawamvera. Chakudya tinkangosiya pawindo, ana akamadutsa ankayenda monyang'ama. Posakhalitsa m'chipululu muja munayamba kumveka chifuwa, chija amatsokomola munthu ali bwinobwino. Kenako chitseko chinayamba kukhala chotsekula pang'ono, ati kukutentha, chonsecho ife tili m'majuzi. Ifeyo phee, ati ulemu.

Tsiku lina masana amayi akukayanika zovala anasuzumira pawindo. Amalume anali ataimika mopu pampando, ataikulunga nsalu m'khosi, akuidula nsonga ndi sizasi.

"Ndiye abwanawo anati chiyani?" anaifunsa mopuyo. Anadikira pang'ono, n'kupukusa mutu. "Aaa, anthu alibe chisoni."

Amayi anafika kukhitchini akuseka mpaka kugwira khoma, koma pondifotokozera kuseka kuja kunasanduka misozi. Ine manyazi anandigwira. Iwo anapukuta m'maso, kubwerera, kukankha chitseko, kuponya mopu panja, kukhala pampando n'kuvula duku.

"Achimwene, ndimeteni. Ndipo mumve zimene wandichita mlamu wanuyu."

Tsitsi limenelo amayi ankalinyadira, ngakhale ife sitinkaloledwa kulikhudza. Linagwa pansi lonse, ndipo amalume ankameta pang'onopang'ono kuti nkhani isathe msanga.