Nsambo zonenepa zinathyola besi ya Ba Sakala

Ndinawononga gitala ya besi imene sinali yanga, ndipo chimene chinandichititsa ndi manyazi basi. Inu owerenga, makamaka amene mumaimba zida kutchalitchi, ndimvereni kuti musadzapusenso ngati ine.

Ndimakhala ku Kalingalinga ndipo ntchito yanga ndi yosoka zovala. M'kwaya ya mpingo wathu, mkazi wogwira chida ndine ndekha. Anandiphunzitsa besi ndi Ba Sakala, kalipentala wachikulire wa mumpingo momwemo. Besi yawo anaipanga okha ndi thabwa la mukwa adakali mnyamata. Khosi lake linali lalitali kuposa la mabesi ambiri a m'sitolo, ndipo mkati munalibe kachitsulo kaja kolimbitsa khosi. Atasiya kuimba anandipatsa kuti ndiziisunga kwathu.

Pondipatsapo anandilangiza chinthu chimodzi chokha. "Mwana wanga, iyi besi ni yaitali, nsambo zimadonsa maningi. Uziikako chabe zing'ono, zofewa." Anafotokoza kuti khosi likatalika, nsambo imafuna kukungidwa kwambiri kuti ifike pa liwu lake, ndiye ikakhalanso yonenepa imakoka thabwa usana ndi usiku. Ndinamva, ndipo ndinatsatira kwa nthawi yaitali. Nsambo zoondazo zinkandikomera, zala zinkangoyenda zokha.

Zinasokonekera pa msonkhano wa makwaya ku Mtendere. Woimba besi wa mpingo wina anagwira nsambo zanga, n'kuzikoka ndi chala chimodzi, n'kuseka. "Ba sisita, izi nsambo ni za bana. Besi ifuna mphamvu." Anzake anafa nazo. Inenso ndinaseka nawo, koma mumtima munatentha. Ndinali nditatopa kale ndi kuonedwa ngati mkazi wongoyeserera zida za amuna.

Mlungu womwewo ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Wogulitsa anandifunsa kutalika kwa khosi la besi yanga, ine ndinamudula pakamwa, ndati andipatse zonenepa kuposa zonse. Nditaziika, liwu linatuluka lalikuludi, lomveka mpaka pachifuwa, ndipo ndinadzimva kuti tsopano ndine munthu.

Kupusa kwachiwiri kunabwera posakhalitsa. Wotsogolera kwaya anakweza nyimbo zathu chifukwa amayi a m'kwayamo ankadandaula kuti zikutsika kwambiri. M'malo mophunzira malo atsopano a zala, ine ndinangokunga nsambo zonse zinayi kuti zikwere, zala zizigwira pomwe zinazolowera. Ulesi weniweni. Sindinkazimasulanso tikatha kuimba. Besi inkangotsamira pakhoma choncho, dzinja lonse, m'nyumba ya chinyontho.

Zizindikiro ndinaziona, ndisaname. Nsambo zinayamba kutalikirana ndi khosi, moti kudinikiza kunasanduka nkhondo. Zala zinatuluka matuza, ngakhale kugwira singano kunkandivuta, koma ine ndinkati imeneyo ndiyo mphamvu ija. Lamulungu lina Ba Sakala anandifunsa chifukwa chimene besi inkamvekera mwachilendo. Maso awo saona patali, ndipo ndinadziwa kuti nsambozo sanazione. Ndinanamizira sipika. Bodza limenelo limandipweteka kuposa zonse.

Loweruka lina masana, tikukonzekera kuyeserera, ndinapotoza kachitsulo kokungira pang'ono chabe. Ndinangomva kuti thwa! Khosi linang'ambika pamene limalumikizana ndi thupi, nsambo zonse n'kulendewera. 

Ndinainyamula ndekha mpaka kwa Ba Sakala. Ndinawapeza pakhonde, ndinagwada, n'kuwauza zonse, za ku Mtendere, za m'tauni, za sipika yomwe. Anaiika pamiyendo n'kuyendetsa zala pamng'alupo, kenako anagwira nsambo imodzi n'kuimva kunenepa kwake. Apo m'pamene ndinaona bwino mmene manja awo akunjenjemerera ndi ukalamba. Sanakalipe.

"Sininakwiye, mwana wanga," anatero. "Manje aya manja siyangapange besi inangu."

Ndinayenda nayo kwa akalipentala angapo a m'komboni mwathu. Onse anati guluu angamate, koma thabwalo linali litapindika kale, silingawongokenso kuti nsambo zilire bwino. Iwo amadziwa mabedi ndi zitseko, ndipo sindiwaimba mlandu.

Tsono inu owerenga, musanagule nsambo, yambani mwadziwa kutalika kwa khosi la besi yanu. Likakhala lalitali, makamaka ngati mulibe chitsulo mkati, sankhani zoonda ndi zofewa. Liwu likachepa, kwezani sipika. Nyimbo ikakwera, sunthani zala, musakunge nsambo kupitirira muyeso wake. Mukaona nsambo zikuthawa khosi kapena zala zikutupa, masulani tsiku lomwelo, mukafunse odziwa. Ndipo chinthu chimene munthu wakusungitsani, musachiyesere pofuna kutseka pakamwa anthu ongodutsa.

Mpingo unagula besi ina ya m'sitolo, ndipo ndikuimbabe. Ba Sakala amabwera Lamulungu lililonse, amandipatsa moni ngati kale, nthawi zina amandiyamikira kuti ndaimba bwino. Mpaka lero sanandidzudzulepo ngakhale liwu limodzi. Ndikanakonda akanandikalipira.