Nkhope ya Sellina pa Zithunzi za ku Santorini

Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, Sellina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, pa pulogalamu ya maliro anga mudzaikepo chithunzi cha ku Santorini, chomwe ndinavala diresi yabuluu ija. Anthu adzandione ndisanaonde chonchi."

Ndinavomera msanga. Tinagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba ku Morley, kuno ku Perth, zaka khumi ndi chimodzi, ndiye ndikanamukaniza chiyani? Komanso ndinkadziwa kuti amuna ake, a Kenani Luwayo, anabwerako ku ulendo umenewo ndi zithunzi zoposa mazana anayi.

A Luwayo ndi katswiri wa miyala. Anakulira ku Dedza, kumene amati ali mwana ankang'amba matumba a kabudula ndi timiyala totola m'njira. Kuno ku Perth amagwira ntchito ku migodi ya ku Pilbara: masabata awiri kuthengo, sabata imodzi kunyumba ku Balga, kenako ndege ina. Samwa, samenya, sayenda ndi akazi. Ndi munthu wabwino, sindikukana. Kungoti mukawapatsa moni ataima pafupi ndi khoma la miyala, maso awo amakhala pa khomalo.

Ukwati wawo utakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, Sellina anapempha ulendo wa awiriwiri, woyamba chikwatiranireni. Anasankha Santorini, chilumba cha ku Greece chomwe anachiona pa kalendala kuntchito, cha nyumba zoyera mbuu ndi matchalitchi a madenga abuluu pamwamba pa phompho. A Luwayo anavomera tsiku lomwelo. Mnzanga uja ankati ndi chikondi, mpaka anasoketsa diresi ku Lilongwe yofanana ndi madengawo. Osadziwa kuti bambowo akondwera chifukwa chilumbacho ndi phiri lophulika.

Atabwerako, a Luwayo anatisimbira nkhani ya phirilo mpaka makutu kuwawa. Akuti zaka pafupifupi 3,600 zapitazo phirilo linaphulika, pakati pake n'kutitimira, nyanja n'kulowamo. Chotsala ndi mkombero wa maphompho okhala ndi mizeremizere yofiira, yakuda ndi yoyera. Akuti phulusa linakwirira mudzi wonse wa Akrotiri, nyumba zosanja ndi zojambula za pakhoma zomwe, koma mafupa a anthu sanapezekemo, kusonyeza kuti eni ake anathawiratu. Sellina iye ankangosimba za mphesa zomwe alimi amazipinda pansi ngati nkhata poopa mphepo, ndi kuti mapazi anamutupa.

Mawa lake la tsiku lomwe Sellina anamwalira, masana, azimayi akuimba nyimbo za maliro m'galaja, tinakhala pa tebulo anthu atatu: ine, a Luwayo ndi mwana wawo Nicole. Wosindikiza mapulogalamu ankafuna chithunzi isanakwane folo koloko. Nicole anatsegula laputopu.

Chithunzi choyamba chinali thanthwe lofiira, m'mphepete mukuoneka phewa labuluu. Chachiwiri, mwala wopepuka uja timakwechera mapazi, uli pachikhatho cha Sellina. Chachitatu, phompho loyera lalitali, Sellina ali pansi pake, wochepa ngati kambewu ka mpunga. Chachinayi, nsapato yake pafupi ndi mng'alu wotuluka utsi.

"Dad, where's Mum's face?" anafunsa Nicole.

"Pitiriza, mwanawe, chilipo," anatero a Luwayo.

Apa m'pamene ndinamva za mwambo wa ntchito yawo. Akatswiri a miyala akamajambula thanthwe amaika chinthu pambali, kahamala kapena ndalama yachitsulo, kuti woona chithunzi adziwe kukula kwa thanthwelo. Amati sikelo. Ponyamuka, Sellina anatulutsa kahamala kawo m'sutikesi, amvekere, "Bambo a Nicole, ulendo uno si wa ku shifiti." Ndiye posowa hamala, bambowo anagwiritsa ntchito mkazi wawo. Sabata yathunthu: taimani apo, tasunthirani kumanzere, tagwirani apa. Iye n'kumaima, n'kumakonza diresi, poganiza kuti akujambulidwa.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinafuna kuwalalatira pamaso pa mwana wawo, koma nditawayang'ana ndinadziletsa. Pa chithunzi chilichonse ankanong'ona dzina la mwala ndi zaka zake, ngati kuti akatero mkazi wawo atembenuka.

Cha kumapeto tinapeza chimodzi chomwe Sellina anaima chathunthu, akuyang'ana kamera, kumbuyo kwake kuli khoma la phulusa. Nicole anachikulitsa. Timiyala ta pakhomalo tinaoneka bwinobwino kamodzikamodzi, koma nkhope ya amayi ake inali chimbuuzi chokhachokha. Kamera anailozetsa pa thanthwe.

Nthawi inatithera. Tinatumiza chithunzi cha pa khadi lake la kuntchito, atavala yunifolomu, tsitsi litamangidwa kumbuyo, nkhope ili gwa. Lonjezo langa linathera pomwepo, ndipo mpaka lero limandiwawa.

Nicole asanatseke laputopu, ndinaloza chimbuuzi chija.

"Bambo, inu munalipo. Tiuzeni chabe. Pamenepa ankamwetulira?"

A Luwayo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Anayandikira, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi," anatero, "sindikudziwa. Sindinawayang'ane."