Mkamwini Amene Anadzala Paini

A Obadiya anafika kuno kumapiri a Ntchisi ali mnyamata wowonda ngati bango, macheka ali paphewa, akuchokera kwawo ku Mvera. Ntchito yawo inali yocheka matabwa pa dzenje, muja wina amaima pamwamba pa chipika, wina pansi, n'kumakokerana macheka tsiku lonse. Iwo malo awo anali apansi, pamene utuchi umagwera m'maso ndi m'kamwa, koma palibe anawamvapo akudandaula. Makina ocheka matabwa atabwera m'munsi mwa phiri, pamalo pamene anthu ankangoti ku Macheka, iwo anali m'gulu loyamba kulembedwa ntchito. Chaka chomwecho anaona Roza akugulitsa zitumbuwa pageti, basi nkhani inathera pomwepo. Anakwatira, n'kukhala mkamwini pamudzi pa akazi awo.

Tsono mudziwe, kuno mkamwini sadzala mitengo. Adzalirenji? Munda ngwa mkazi, ana nga mkazi ndi alongo ake, ndipo banja likatha kapena mkazi akatsogola, mwamuna amapinda mphasa n'kubwerera kwawo. Chimanga dzala, fodya dzala, udya chaka chomwecho. Koma mtengo woti udzakule mwana wako atakwatiwa kale? Ha! Ndiye anthu ataona a Obadiya akukwera kachitunda ka miyala ka Roza, kamene ngakhale mbuzi zinkakanyoza, atasenza mbande za paini m'dengu, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, kodi mwaiwala kuti ndinu obwera?" anafunsa a Alexio, mlongo wake wa Roza, amene anali mwinimbumba. "Mkamwini asamakule mwendo, paja."

"Mwendo sukukula ayi, alamu," anayankha a Obadiya. "Kungoti ku Macheka ndimaona zipika zikulowa tsiku ndi tsiku, koma sindinaonepo munthu akubwezera mbande m'nthaka."

Anali munthu wa liuma, tisabise. Akaweruka kuntchito anzawo ankakhotera kumowa, iwo ankakwera chitunda. Roza ankawatsata ndi ndowa pamutu, akunyinyirika njira yonse kuti anakwatiwa ndi wamisala, koma madziwo ankathirira ndithu. Chiswe chinadya mbande, anadzalanso. Chaka china moto wa osaka mbewa unapsereza mbali yonse ya kumvuma, a Obadiya anakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka, mvula itagwa anadzalanso. Kuyambira pamenepo chilimwe chilichonse ankalambula m'mbali mwa nkhalangoyo, iwo ndi akazi awo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Rute.

Zaka zimenezo kunali kukoma, abale. Pageti pa ku Macheka panamera msika. Amayi ankagulitsa mbatata yophika ndi thobwa, atelala ankasoka pakhonde, nyumba za malata zinkangophuka. Maliro akagwa, matabwa a bokosi sankasowa. Ndani akanaganiza za mawa? Koma nkhalango imene inkadyetsa makinawo inkatha, malole anayamba kubwera ndi tizipika towonda, kenaka kubwera mwa apo ndi apo. Lolemba lina amuna anapeza geti lili ndi loko. Posakhalitsa makina aja anawazula n'kuwakweza palole, anthu akungoyang'ana manja ali m'khosi.

Mudzi unazizira ngati pamaliro. Anyamata ena anapita kukakhala matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ena ku Joni, otsalawo anayamba kuwotcha makala ndi timitengo tam'phiri. Msika uja unafa, pamulu wa utuchi panamera chisoso. Nayenso Isake, mwamuna wa Rute, anali atamanga kale chikwama.

A Obadiya, imvi zili mbuu, anatsitsa macheka awo akale kudenga, n'kuwapala dzimbiri. Anakumba dzenje m'mphepete mwa paini wawo, amene tsopano anali atakula moti munthu sakanamukumbatira ndi mkono umodzi, ndipo anaitana mkamwini wawoyo.

"Isake, tula chikwamacho. Kwera pamwamba apo, ine ndilowa pansi."

Anamuphunzitsa kumenya mzere pachipika ndi chingwe chopaka makala, anamuphunzitsa kunola mano ndi tupa. Anzawo a ku Macheka anabwera mmodzimmodzi, maenje anachuluka. Lamulo la a Obadiya linali limodzi: mtengo ugwe wokhawo umene wakhwima, ndipo pamene wagwapo palowe mbande chaka chomwecho. Rute anatsegula nazale kudambo. Akalipentala a pa Boma ndi a kwa Dzoole anayamba kutumiza ngolo. Palibe amene analemera, tisanamizane, koma m'nyumba zingapo munalowanso mchere, sopo ndi thumba la feteleza, ndipo amuna ankagona kwawo. Aja ankaseka aja anayamba kubwera kwa Rute chamadzulo, mwamanyazi, kudzapempha mbande.

Kenaka Roza anadwala, matenda osachedwa, n'kumwalira mvula isanagwe. Bokosi lake a Obadiya anacheka okha, ndipo anakana kuti wina alowe m'dzenjemo m'malo mwawo.

Atameta maliro, inayandikira nthawi yowasudzula, kuwamasula kuti abwerere kwawo monga mwa mwambo. Nthawi yomweyo kunatulukira munthu wa bizinesi wochokera kutauni, wa macheka a injini, amene anafuna kugula chitunda chonse n'kuchimeta kamodzi. A Alexio anavomera msanga. Musawatenge ngati munthu woipa: chinali chaka cha njala, mbumba yonse inkayang'ana iwo, ndipo mumtima mwawo ankaona ngati akuwachitira chifundo alamu awo. Mitengo siyikwera njinga. Tsono njira yowapatsira gawo lawo inali kugulitsa zonse n'kugawana.

Ndipo gawolo a Obadiya ankalifunadi. Ku Mvera kunatsala mlongo wawo yekha, a Susana, nawonso okalamba, ndi kamunda kosakwanira anthu awiri. Nyumba yawoyawo kunalibe. Mawondo anali atayamba kale kuwawa. Koma ankadziwanso kuti macheka a injini akalowa, mwezi sutha chitunda chili mbee, ndipo Isake ndi anzake anyamulanso zikwama.

"Ababa, landirani," anawadandaulira Rute. "Mukadya chiyani kumeneko? Ife tidzaona chochita."



Tsiku losudzula anthu anasonkhana m'mawa patsinde pa mango, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, amayi atakhala pamphasa cha uko. A Alexio anaimirira n'kuyala nkhani yawo bwinobwino.

"Alamu athuwa atisunga, sitingawathamangitse chimanjamanja. Nthaka njathu, thukuta ndi lawo. Tigulitse, tigawane pakati. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Anthu anavomereza ndi mitu. Zinali zomveka ndithu. A Obadiya anavula chipewa, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, alamu. Koma mukugawa chinthu chimene palibe. Ine pano ndilibe mtengo."

"Mukuti chiyani?" anadabwa a Alexio.

"Munandiuza nokha kalekale kuti ndine wobwera, ndipo munanena zoona. Ine ndinkangothandiza akazi anga m'munda mwawo, monga achitira mkamwini aliyense. Mitengoyo inali ya Roza. Tsono ankhoswe atiuze, munda wa mayi umatsala ndi yani?"

Nkhoswe ya a Obadiya inawakoka malaya kuti akhale chete, iwo anaichotsa dzanja. Apo a Margareta, mkulu wake wa malemu Roza, analankhula ali chikhalire pamphasa.

"Alexio, funsolo n'losavuta. Munda wa Roza ngwa Rute, ndi zonse zili m'menemo. Ngati mwini thukuta akuti alibe gawo, ife tigulitsa cha mwana chifukwa chiyani? Mufunseni mwiniwakeyo."

Maso onse anatembenukira kwa Rute. Mtsikana wa anthu ankadziwa kuti akakana kugulitsa, ndiye kuti bambo ake apita opanda kanthu. Anayang'ana bambo akewo, iwo anagwedeza mutu pang'ono.

"Atsibweni, pepani," anatero Rute misozi ili chuchuchu. "Sindigulitsa."

A Alexio anakhala pansi mwamphamvu. "Alamu, mwadzipweteka nokha," anatero, ndipo mawu awo sanali aukali koma achisoni. "Chabwino, bwanji mungokhala konkuno? Palibe akukuthamangitsani."

Amayi anavomereza, ena mpaka kuwomba m'manja. Mtima wa a Obadiya unalakalaka kuvomera, pakuti moyo wawo wonse unali pamudzi pomwepo, ndi manda a Roza omwe. Koma iwo ankadziwa bwino mtima wa anthu. Akanakhala, pakanangopita miyezi yochepa kuti kumjigo kuyambe manong'onong'o akuti nkhalamba inachenjera, inabisala kumbuyo kwa mwana kuti izidyabe yokha. Njala ikadzalumanso, nkhani yogawana ikanadzukanso.

"Ayi, alamu," anatero. "Ndikakhala, mitengoyo idzakhalabe ya mkamwini. Ndisudzuleni."

Anawasudzula. Ndipo kunena zoona, anthu ambiri pabwalopo anachita manyazi, chifukwa kuno tinazolowera mkamwini amene pochoka amagwetsa ngakhale mapapaya kuti ena asadye.

Ananyamuka m'mawa kutacha bwino. Panjinga anamangapo mphasa, bulangete ndi kachikwama ka zovala. Macheka anawasiyira Isake. Rute anawaperekeza mpaka pamsewu wafumbi wopita ku Dowa. Kuchitunda amuna anali atayamba kale ntchito, ndipo kulira kwa macheka kunkamveka mpaka kumsewuko. A Obadiya anaima, n'kupendeketsa mutu, kumvetsera.

"Ameneyo ndi Isake," anatero. "Ukamuuze asamakankhe, azikoka. Atopa msanga."

"Ndikamuuza, ababa."

"Mbande zija za kudambo uziphimbe, dzuwa lakula."

"Ndamva, ababa. Mudzabwera liti kudzationa?"

"Mitengo ikadzazolowera kuti njako."

Anakwera njinga, koma pachikweza choyamba mawondo anakana, ndiye anatsika n'kumaikankha pang'onopang'ono. Rute anaima pomwepo kudikira kuti mwina acheuka amubayibitse. Sanacheuke. Iye ankawadziwa bambo ake: ankalira, ndipo sankafuna kuti mwana wawo asinthe maganizo.