Nsanja ya Mkungudza

Agogo anga aMuhaniwa ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zaziwisi, kenako phokoso la chikhatho chawo chikumenya khoma, phaa, phaa, pamene ankamata kanyumba kathu m'tsinde mwa phiri, chakufupi ndi mtsinje wa Likhubula. Ine ndinali kamtsikana kopanda mano akutsogolo. Tinali titangooloka Ruo pothawa Apwitikizi, anthu atatu okha: agogo, malume anga aNamakhwa, ndi ine. Amayi tinawaika m'njira.

Ulendo wonsewo agogo anasenza mtolo wa ngala za mapira ofiira a kwathu, wokulunga m'chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo. Njala inatisautsa mpaka tinkadya mizu, koma sanalole kupulula ngakhale ngala imodzi. Ndikalira ankanditsina pantchafu n'kunena kuti, "Izi si zakudya, mwanaka, ndi mbewu. Tikadya lero, kwathu kwatha." Kunalibenso china chimene tinachoka nacho.

Malo amene tinapatsidwa anali a mzungu wa tiyi, ndipo malume ankawagwirira thangata, ntchito yolipirira malo. Tsiku loyamba lomwe kapitawo analoza pansi ndi ndodo yake. "Nyumba imodzi basi," anatero. "Mukaimika kena kofolera, kaya nkhokwe, kaya kophikiramo, bwana aziti ndi nyumba yachiwiri, ndiye thangata wa mwamunayu awonjezeka." Kaya zinali zoona, kaya ankangotiopseza poona kuti ndife alendo, sindikudziwa mpaka lero. Agogo anakhulupirira, pakuti anali munthu wamantha kwambiri, ngakhale pakamwa pawo panali polusa.

Choncho zonse zinayenera kulowa m'kanyumba kamodzi, kamene malume akagona mapazi ankagunda khoma. Malume anaimika nsichi ndi kufolera, zam'kati zonse anapanga agogo okha, akung'ung'udza m'Chilomwe. Dothi lisanaume anakhomera zikhomo m'khoma zopachikapo lichero, mthiko ndi chipande. Kuseri kwa chitseko anakumba kadzenje koti mtsuko wa madzi uzikhala wosagwedezeka. Kukhoma lakumtunda anaumba kaguwa koikapo miphika, n'kusiya mphako pansi pake yogona nkhuku yathu imodzi. Mafuwa anakasankha okha kumtsinje, akumagogoda mwala uliwonse ndi kuukana, mpaka ine miyendo inachita dzanzi m'madzi ozizira aja. Pamwamba pa mafuwa anamanga nsanja yoti mapira azikhala mu utsi, anankafumbwe asawaboole, kudikira mvula yodzalira.

Nsanja yoyamba inali ya nsungwi ndi timitengo ta m'thengo. Mwezi usanathe, m'mawa wina ndinamva agogo akukuwa ngati aona njoka. Chiswe chinali chitakwera ndi mzati, njira yake ya dothi itafika pafupi ndi ngala. Anagwetsa nsanja yonse, ndipo masiku otsatira ankagona atakumbatira mtolo uja. Kunja kunali chiperoni, kamvula kawazawaza kosatha, kozizira mpaka m'mafupa, ndipo chilichonse m'nyumba chinkanunkha chuku. Agogo ankangomasula mtolo, kununkhiza, kumanganso, kumasulanso.

Lamulungu lina malume anabwera ndi zidutswa za mkungudza zimene ocheka matabwa anataya kuphiri. Anati mtengo umenewu chiswe sichiukhudza. Agogo anaununkhiza, nkhope yawo n'kumasuka koyamba chiwolokereni Ruo. Anamanga nsanja ina ndi luzi, yosalala, yofiirira, yonunkhira nyumba yonse. Kwathu ankaphikira m'chisakasa chachitali, nsanja ili kutali ndi moto. Kuno denga linali lalifupi, ndiye nsanja inatsika mpaka munthu wogwada pamoto ankaigunda ndi mutu.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa Chimang'anja, aNaphiri, wobadwira pomwepo. Atabwera kudzapala moto anaima pakhomo, n'kukweza mphuno.

"Kodi amayi, mkungudza mwauika pamoto?"

"Pamwamba pa moto," anayankha agogo m'Chinyanja chawo chothyokathyoka. "Chiswe sichidya."

"Inde sichidya. Koma mtengo uwu uli ndi mafuta. Ukamva kutentha umatuluka utomoni, ndipo anthu a kuphiri amauyatsa m'malo mwa muuni. Tsitsani mbewuzo, zikakhale kwanga. Nsanja yanga ndi yaitali."

Agogo anangoti zikomo, maso ali pansi. Mayiyo atangochoka analavula malovu. "Wamva? Zikakhale kwake! Anthu otitcha Anguru, otiseka tikamayankhula, lero atisungire mbewu? Akufuna akaphike." Komabe ndinawaona akupapasa pansi pa nsanja ndi chala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali moto. Agogo akapita kukasosa kamunda kathu, ine ndinkatsala m'kanyumba kaja ndi lamulo limodzi: utsi usaleke, lawi lisadzuke. Ndinkakhala chogwada, chipande cha madzi pambali, maso akuyenda misozi, ndikuyang'ana timadontho ta utomoni tikutuluka pansi pa matabwa, tonyezimira ngati uchi. Kadontho kakagwera pakhala kankati tswii, kalawi kachikasu n'kudumpha, mtima wanga n'kudumphira limodzi. Ana anzanga ankaimba panja, ine osatuluka ngakhale kukataya madzi. Ndinkaopa moto, ndinkaopa agogo, koma koposa ndinkaopa kuti mapira akapsa agogo adzagona pansi osadzukanso, monga anachitira amayi.

Nthawi zina agogo ankabwerera ali pakati pa njira, wefuwefu, khasu lili m'manja, kudzangosuzumira. "Uli moyo?" ankafunsa, akunena moto, osati ine.

Tsiku lina chiperoni chinabweranso mochedwa, anthu atati chatha, ndipo ine ndinadzuka thupi likuwotcha. Masana agogo anandipeza nditadzipinda pafupi ndi mafuwa, mano otsalawo akugundana, moto utangotsala phulusa lofuka. Anandigwira pamphumi, kenako pachifuwa. Matenda a amayi anayambanso chomwecho. Nkhuni zonse zinali zonyowa. Anauzira, anauziranso, osayaka. Pamenepo anatembenuka n'kutapa zibenthu za mkungudza zotsala pomanga, zimene anazisunga pansi pa kaguwa, n'kuzithira zonse pamakala. Lamulo lawo lomwe analiiwala, ankangofuna kuti mwana amve kutentha.

Lawi linangoti lawilawi mpaka kunsanja, utomoni uja n'kugwira ponseponse nthawi imodzi. Ndikukumbuka kulira kwake, ngati mphepo ikulowa m'mphako. Agogo anandigwira mwendo n'kundiponyera panja m'matope, iwo n'kubwerera m'kati. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. ANaphiri anathamanga ndi mtsuko, amayi ena ndi nthambi zaziwisi, ndipo chifukwa udzu wa padenga unali utamwa mvula, nyumba sinapse yonse. Agogo anatuluka chokwawa, tsitsi litawauka, atakumbatira ngala zofuka pachifuwa. Pozitula, khungu la m'manja linatsalira pangala.

Sanalire ndi manja. Anakhala pamatope n'kundiuza kuti ndipulule ngalazo m'lichero, iwo akuyang'ana. Zambiri zinali makala. Zina zinali zitaphulika n'kuyera. Zooneka zamoyo zinangokwana m'kachikho kakang'ono, ndipo nazonso zinali zitamva moto.

ANaphiri sananene kuti ndinakuuzani. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzawapaka agogo mankhwala a masamba ndi kundimwetsa ine zowawa mpaka malungo anandisiya. Ndi iwonso amene anamanga nsanja yachitatu, ya nsungwi, chakumbali kwa mafuwa, mizati ataizika m'phulusa, pansi pake atamata dothi. Agogo ankangoyang'ana kukhoma, manja ali m'mwamba ngati mwana wodikira kusambitsidwa, akuwauza mwaukali kuti zikhomo zawo asazisunthe.

Mvula itagwa, ndinadzala ndine, agogo akundilozera ndi chigongono. Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Chimanga cha anthu chinamera, nandolo anamera, pamatutu athu pali zii. Agogo ankapita kumunda kusanache bwino, n'kugwada, nkhope pafupi ndi dothi, ndipo pobwera sankadya. Malume anati tipemphe mapira a kuno, agogo n'kuwayang'ana diso limene linawatseka pakamwa. Ine ndinkalota ndikufukula matutu n'kupezamo phulusa.

Ndiye m'mawa wina anandiitana ndi mawu otsika, ngati akuopa kudzutsa munthu. Pangodya imodzi panali timasamba tosongoka, pano kamodzi, apo tiwiri. Munda wonse unali wosamera, koma pangodya pamenepo mapira a kwathu anali atatuluka. Agogo anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi manja opindika aja, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulira.

Pokolola tinapeza ngala zochepa zedi, zosadzaza dengu. Zala za agogo sizinawongokenso, moti sakanatha kugwira mpeni, koma anazigawa ndi msana wa dzanja, mulu uku, mulu uko. Mulu umodzi anaukankhira kwa ine.

"Pita nazo kwa aNaphiri. Ukawauze kuti nsanja yawo ndi yaitali."

Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, ndipo aNaphiri anamva.

Lero ndine nkhalamba, ndili ndi nyumba ya njerwa, khitchini ili payokha, nkhokwe ili payokha, ndipo palibe kapitawo wondiwerengera madenga. Adzukulu amandiseka kuti ndimadzuka pakati pa nkhani kukasuzumira moto umene ndazimitsa ndekha. Asekeni. Chaka chilichonse ndikakolola mapira ofiira, ndimagawa mbewu pawiri, theka n'kutumiza mwana kuti akapachike kunyumba ya mnansi, ngakhale amene sitiyankhulana bwino. Ndipo pogawapo ndimadzidzimuka kuona kuti ndikukankha ngala ndi msana wa dzanja, chonsecho zala zanga ndi zabwinobwino.