Anati Magazi Awo Sali Bwino

Amuna anga anamwalira ine ndisakuwayankhula, chifukwa cha mawu a dokotala amene ndinawamva molakwika. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti zisadzakuchitikireni.

Bambo a Chisomo ankagula mbatata ya kachewere kumapiri kuno ku Neno n'kumakagulitsa ku Blantyre. Nthawi zina ankagona komweko. M'chaka chija cha korona anabwerako akutsokomola, thupi likutentha. Kuchipatala anawapisa kathonje m'mphuno n'kutiuza kuti ndi korona. Anawagoneka kwaokha, ine ndinkangosiya chakudya pakhomo.

Kenako anawatenga magazi. Zotsatira zitabwera, dokotala anandipeza panja, pakamwa atatseka ndi kansalu. Anati, "Mayi, magazi awo sali bwino. Kachilomboka kawalowa kwambiri. Asatuluke msanga."

Kwathu kuno munthu akati ndakayezetsa magazi, tonse timadziwa chimene akunena. Akati kachilombo, timadziwanso. Ine ndinangoganiza za edzi. Ndinakumbukira masiku amene amuna anga ankati galimoto yawonongeka pa Zalewa, abwera mawa. Dokotala anafunsa ngati ndamva, ndinati ndamva. Sindinafunse kanthu, poti pafupi panali mayi wina wa kumpingo kwathu.

Tsiku lomwelo bambo anandiimbira foni. "Mayi a Chisomo, ine ndachira, ndikudya bwinobwino. Mbatata ikuola kunyumba. Bwerani tizipita." Achipatala anawaletsa, iwo anakakamira. Namwino anandipempha kuti ndiwanyengerere, poti ankandimvera. Ine ndinati mwiniwake wanena kale. Mumtima ndinkati matenda amenewo mankhwala ake anthu amamwera kunyumba, ndiye kugonera chiyani pano anthu aziona.

Kunyumba ndinkaphika, kuwaikira chakudya n'kutuluka. Tsiku lina anandiitana ndili pakhomo. "Kodi ndakulakwirani chiyani?" Ine ndinangotuluka. Pasanathe sabata mpweya unayamba kuwathawa. Anamwalira tikuwanyamula, tisanafike pamsewu.

Maliro atatha ndinakayezetsa ndekha, anandipeza ndilibe. Ndinafunafuna dokotala uja, ndipo ndi pamene ndinafunsa zimene ndikanafunsa poyamba. Anati amuna anga analibe edzi, kachilombo kamene ankanena ndi ka korona komweko. Magazi aja sanatenge kuti apeze dzina la matenda, koma kuti aone kukula kwake. Korona ikamawononga m'kati, m'magazi mumakwera zizindikiro zosonyeza kuti thupi likutupa, nthawi zinanso kuti magazi ayamba kuundana. Zimenezi zimatha kuoneka munthu akuyenda ndi kuseka. Za bambo a Chisomo zinali zitakwera kwambiri, ndipo dokotalayo ankafuna akhale pafupi ndi makina a mpweya. Sanandilonjeze kuti akanachira, anangoti mwayi unalipo.

Inu owerenga, magazi amayezedwa pa zifukwa zambiri. Dokotala akakuuzani zotsatira, funsani kuti anayeza chiyani ndipo zikutanthauza chiyani. Funsani kawiri, ngakhale pafupi pakhale wokudziwani. Wodwala akati ndachira koma magazi akukana, mverani magazi. Ndipo ngati mukukayikira mnzanu wa pabanja, mufunseni adakali moyo.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma si sukulu imene inandisowa tsiku lija. Chinandisowa ndi funso limodzi. Bambo a Chisomo lawo anafunsa, ndipo yankho lake ndinalipeza ataikidwa kale: palibe chimene analakwa.