Chikole cha Kagalu

Alamu anga, a Ellard Muhiwa, anali mmisiri wa matabwa. Makolo awo adalowa m'dziko muno kuchokera kwa Apwitikizi nkuyamba kuthyola tiyi ku Mulanje, koma iwo adaphunzira ukalipentala kumishoni ndipo adadzakhazikika ku Chilobwe, komwe adakwatira achemwali anga a Esnat. Chilobwe ya nthawi ya Chitaganya sinali yothithikana ngati ya lero. Nyumba zinali apa ndi apo, pakati pake minda ya chimanga ndi nandolo. A Muhiwa ankagwirira ntchito m'chisakasa kuseri kwa nyumba, ndipo ntchito ikapezeka kwa azungu ankamangirira sowo ndi hamala panjinga nkunyamuka. Sanali olankhulalankhula. Akakuuzani kuti chitseko chanu chitha Lachinayi, inu mumangogula mahinjesi nkudikira Lachinayilo.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Felicia, wobadwa pa 9 Juni 1952. Mu Okotobala 1957 mwanayu adadwala poliyo, ndipo potuluka m'chipatala miyendo sidathenso kumunyamula. Anzake akamapita kusukulu kapena kumtsinje, iye ankatsala pamkeka pakhonde akuyang'ana njira. Mayi ake akapita kumunda kapena kumsika, ankakhala yekhayekha mpaka dzuwa kupendeka.

Chomwe adapempha ndi galu. Bambo ake adamugulira kamwana ka galu kwa munthu wina yemwe ankagulitsa tiagalu m'thumba pafupi ndi msika wa Limbe. Sikadathe chaka. Mu 1958 kudabuka chiwewe, kagaluko kadalumidwa ndi galu woyendayenda, ndipo anthu a boma adadzakawombera pabwalo Felicia akuona. Mwanayo adabayidwa majekeseni a pamimba kwa masabata, akulira tsiku lililonse. A Muhiwa adalumbira kuti pakhomo pawo sipadzalowanso galu wa m'thumba. Adzalowe yekhayo amene mayi wake amuona ndi maso, khomo lomwe wabadwira alidziwa, wobayidwa katemera, komanso wamng'ono woti nkukhala pamiyendo pa mwana osalakalaka zoyendayenda.

Agalu otere analipo, koma anali kwa azungu, ndipo mtengo wa mmodzi unkaposa malipiro a kalaliki a pamwezi.

Chakumapeto kwa 1961 a Muhiwa adaitanidwa ku Namiwawa kuti akamange khola la agalu kunyumba kwa mzungu wina wogwira ntchito pakampani ya fodya ku Limbe. Mkazi wa mzunguyo antchito ankamutcha Nagalu. Ankaweta tiagalu ta mtundu wa dakisi, tofiirira, tatitali msana, tatifupi miyendo, makutu olendewera. Kakakazi kamene ankakakonda kwambiri dzina lake linali Mitsi. A Muhiwa adabwerako atagoma. Adatiuza kuti donayo amasambitsa agalu ake yekha, amawachotsa nkhupakupa ndi zala zake, ndipo dokotala wa ziweto amafika pakhomopo ngati mbale wawo. Adati munthu wosamala nyama chotero sangakhale woipa mtima.

Kwathu kuno chinthu chachikulu sitipempha chimanjamanja, komanso sitipempha tokha. A Muhiwa adakapeza a Sulemani, dalaivala wa panyumbapo, omwe ankadziwa Chingerezi, nkuwapempha kuti akhale nkhoswe yawo.

"Achimwene, ine Msilamu, galu sindimukhudza nkomwe," adatero a Sulemani akuseka. "Lero ndikhale nkhoswe ya galu? Akamva kumzikiti ndikabisala kuti?"

Komabe adavomera, poti adali atamuonapo Felicia pamkeka paja.

Loweruka pa 3 Malichi 1962 a Muhiwa adavala jekete ya kutchalitchi, adagwira tambala woyera, wamkulu kuposa onse m'khola lawo, nkupita ku Namiwawa. Kudzera mwa a Sulemani adafotokoza za mwana wawo, za chiwewe, ndiponso kuti ndalama yogulira alibe koma manja ali nawo: ntchito iliyonse ya matabwa panyumbapo azigwira osalipidwa kufikira atalandira kagalu kamodzi. Atatha adapereka tambala uja ndi manja awiri. Nagalu adaseka mokondwa, adaitana khukhi kuti atenge tambalayo, ndipo m'Chinyanja chake chokhotakhota adati Mitsi akabereka kamodzi kadzakhala ka Ellard.

Kwa a Muhiwa nkhani idathera pomwepo. Chikole chidalandiridwa pamaso pa mboni. Achemwali anga adayesa kuwachenjeza kuti mwina mzungu sadziwa kuti chikole nchiyani, mwina waona ngati ndi mphatso ya ndiwo chabe. Iwo adayankha kuti mzungu naye ndi munthu, ndipo munthu salandira chinthu ndi dzanja pamene mtima wake ukukana.

Mitsi adabereka chaka chomwecho, koma ana onse akuti adali atalonjezedwa kale kwa azungu anzake. A Muhiwa adauzidwa kuti adikire ulendo wina. Sadadandaule. Adapitiriza kukhoma mashelefu, kukonza zitseko zomwe chiswe chidadya, kusintha matabwa a pakhonde.

Pa 20 Ogasiti 1963 Mitsi adaberekanso ana anayi. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti Chitaganya chitha kumapeto kwa chaka, ndipo azungu ambiri ankamanga katundu. Akalipentala a m'Blantyre ndi Limbe sankapuma pokhoma mabokosi a ulendo. Banja la Nagalu nalo linali kubwerera kwawo. Donayo adawaonetsa a Muhiwa kakakazi kochepetsetsa pa ana anayiwo, nkunena kuti kayambe kayamwa mokwanira, adzakatenge Loweruka pa 26 Okotobala, banjalo lisananyamuke.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse a Muhiwa akachokera ku Namiwawa ankayamba akhala pamkeka kumuuza Felicia zomwe aona: lero katsegula maso, lero kaluma chala chawo, lero kagwera m'mbale ya mkaka. Ine ndinali nditayamba uphunzitsi, ndipo ndidamugulira ulusi nkumuphunzitsa kuluka. Adaluka kabulangeti kobiriwira, akufunsa bambo ake utali wa kagaluko kuti asalakwitse. Mayi ake adasankha dengu latsopano loti kagaluko kazigonamo. Dzina lokha sadapereke, poti a Muhiwa adati galu amamutcha dzina atalowa pakhomo.

Sabata yomaliza, mabokosi onse atakhomedwa, Nagalu adapempha bokosi limodzi lina laling'ono, nkuyerekeza ndi manja utali wa Mitsi. A Muhiwa adaganiza kuti ndi loti Mitsi akwerere sitima ya ku Beira. Adatenga matabwa awo a mkungudza omwe ankasungira kabati ya akazi awo, adawapala mpaka kusalala, adaika zogwirira za chingwe, ndipo mwa nzeru zawo adaboola mabowo mbali zonse kuti galu azipuma bwino panjira. Atalipereka Lachinayi, donayo adayang'ana mabowo aja nthawi yaitali, kenaka adatembenukira kumbali nkuthokoza ndi mawu apansipansi.

Loweruka m'mawa a Muhiwa adamangirira dengu panjinga, kabulangeti kali m'kati. Atafika adapeza khola lomwe adamanga lili pululu, losesedwa, chitseko chili chotsegula. A Sulemani adali atakhala pamwala pafupi ndi galaja, ndipo sadadzuke kuwalonjera monga mwa masiku onse. Adawauza kuti ana atatu a Mitsi adatengedwa ndi azungu omwe akutsala. Dzulo lake kudabwera dokotala wa ziweto, adabaya Mitsi jekeseni yogonetsa osadzukanso, kenaka adabayanso kakang'ono kaja. Adaloza pansi pa mtengo wa mango pomwe panali dothi lofiira longofotsera kumene.

"Ali m'bokosi lanu lija, onse awiri."

"Kadadwala?"

"Sikadadwale, achimwene. Kamasewera ndi chingwe cha bokosilo."

A Sulemani adati adamukumbutsa donayo za tambala ndi za mwana. Iye adayankha kuti kwawo ndi mmene amachitira: galu amene sungathe kupita naye umamugoneka, sumusiya kuti azivutika. Anzake akuti adamuuza kuti kumalokesheni galu wotere akadyedwa ndi nkhupakupa, akamenyedwa, akafa ndi njala. Za tambala ankangokumbukira kuti Ellard adabweretsapo nkhuku yabwino.

A Muhiwa adapita kukhomo la kukhitchini nkupempha kuonana ndi donayo. Adatuluka maso ali ofiira, zikuoneka kuti adalira kwambiri, ndipo adayamba kufotokoza kuti adachita zimenezo chifukwa cha chifundo.

"Dona, kunyumba kwanga mudafikako? Mwana uja mudamuona?"

Sadafikeko. Pa zaka ziwiri zomwe a Muhiwa ankalowa m'zipinda zake zonse ndi hamala, iye sadafunsepo kuti Chilobwe ili mbali iti.

"Basi, ndibwezereni tambala wanga. Kwathu munthu akasintha maganizo amabweza chikole."

A Sulemani adamasulira mawuwo, koma donayo sadamvetse kuti munthu angafune bwanji nkhuku yomwe idadyedwa kalekale. Adalowa m'nyumba nkutuluka ndi ndalama ya pepala, mbale za agalu ndi lamba wa m'khosi wa Mitsi. A Muhiwa adaika manja kumbuyo. Adatsanzika a Sulemani okha, nkutuluka pachipata.

Tsiku limenelo ndinali ku Chilobwe. Felicia adali atavala diresi la Lamulungu kuyambira m'mawa. Tidawaona a Muhiwa patali akukankha njinga m'malo moikwera. Achemwali anga adawathamangira nkuwanong'oneza kuti angonena kuti kagalu kadwala nkufa. Adakana. Adati mwanayu anthu amunamiza mokwanira, iwo sawonjezerapo. Adagwada pamkeka nkumuuza zonse, za jekeseni, za mtengo wa mango, ngakhale za bokosi. Felicia adamvetsera osaphethira. Bambo ake atatha, iye adangopempha kabulangeti kake, adakapinda nkukakhalira. Kwa masabata angapo sadafune kutulutsidwa pakhonde.

A Muhiwa sadakhomenso bokosi la mzungu. Inali nyengo yomwe anzawo ankagula mawailesi ndi njinga zatsopano ndi ndalama za mabokosi, koma aliyense wobwera kudzawaitana ankabwerera ndi yankho limodzi, lakuti sowo yabuntha. Adabwerera kumipando, zitseko ndi mabenchi a tchalitchi, ndipo kabati ya achemwali anga idachedwa zaka zina zitatu.

Mu Januwale 1964 a Sulemani adafika ku Chilobwe wapansi, poti galimoto lomwe ankayendetsa lidagulitsidwa. Adati unkhoswe wawo udawathera mwamanyazi ndipo akufuna kuukonza. Ku Chigumula kunali mayi wina wamasiye, a Constance, amene galu wawo wamng'ono wachikuda adabereka. A Muhiwa adapitako kangapo osatenga kanthu, kungokhala pabwalo nkumaona mmene galuyo amakhalira ndi ana a pakhomopo. Atakhutira adapereka nkhuku, a Constance adalandira, ndipo onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Kagaluko adakatengera okha kwa a zaziweto kukabayitsa katemera kasanaponde pabwalo pawo.

Sikanali ka mtundu uliwonse wodziwika. Khutu limodzi linali chilili, lina logwa. Felicia adakayang'ana tsiku lathunthu osakakhudza, ndipo kadachita kukwera kokha pamiyendo pake.

Kwathu dzina la galu limanyamula mawu omwe mwini wake sangathe kukanena kwa amene adamulakwira. A Muhiwa adamutcha Adalonjeza. Kwa zaka khumi ndi zitatu dzinalo linkamveka pa Chilobwe m'mawa ndi madzulo, mpaka ana omwe adabadwa Chitaganya chitatha ankaliitana osadziwa kuti adalonjezayo ndani. A Muhiwa adamwalira pa 11 Meyi 1981, ndipo sindidawamvepo akutchulanso za Namiwawa.

Adalonjeza adakula kuposa mmene tinkayembekezera, dengu lidamuchepera miyezi itatu isanathe. Kabulangeti kobiriwira kaja kadalukidwira galu wa miyendo yaifupi, ndipo sikadamukwane. Felicia adakana kulukanso kena. Galuyo ankagona pomwepo pambali pa mkeka, mimba ili pabulangeti, mutu ndi miyendo zili padothi.