Chigubu Chimodzi Chinandinamiza, Nazale ya Banja Inapsa

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima usanakhazikike, chifukwa nazale ya fodya ya banja la mkazi wanga inapsa ndi dzuwa, ndipo woyambitsa ndine. Sindinabe, sindinaledzere ayi. Ndinangoyeza madzi mwaphuma, kenako n'kudzitama.

Ndine mkamwini ku Dambe. Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa, ungalime bwanji umakhalabe wobwera. Ndiye nditagulitsa soya, ndinapita pa Kamwendo n'kugula pampu ya sola yoika m'chitsime cha pakhomo pathu. Mumtima ndinkati chaka chino andidziwa.

Chaka chomwecho mu Epulo, mvula itangosiya kumene, ndinati ndione mphamvu yake. Ndinatenga chigubu cha malita 20, n'kulowetsamo payipi, foni ili m'manja kuwerenga nthawi. Mphindi imodzi yokha, chigubu tho! Kubwereza, chimodzimodzi. Ndinakhala pampando pakhonde n'kuchita masamu: zigubu 60 pa ola, nanga tsiku lonse? Pompo ndinathamangira kwa alamu anga a Fabiano, achimwene a mkazi wanga, amene amayang'anira nazale ya banja kudambo.

Ndinawauza kuti asiye kuvutika ndi makheni kudambo, chaka chino tifese pakhomo. Anakayika, koma ndinawakoka dzanja kuti adzaone okha chigubu chikudzaza. Mkazi wanga anali poteropo akuthothola mtedza. Anati, "Bambo a Tiya, chitsimechi ndachitunga kuyambira ndili mtsikana. Okutobala akafika timalumikiza chingwe." Ine kuseka, n'kumuuza kuti za zingwe n'zakale, apa pali makina. Paja ndikudziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Alamu anavomera, malo akudambo aja n'kuwasiyira ena oti adzalepo tomato. Mu Seputembala tinafesa mabedi asanu ndi limodzi kuseri kwa nyumba. Fodya anamera bwino, odutsa n'kumaima kusirira, ine mapewa m'mwamba.

Okutobala atalowa, pampu inayamba kutsokomola. Madzi pang'ono, kenako mpweya wokhawokha, kenako matope. Ndinatenganso chigubu chija. Choyamba chinadzaza monga kale, chachiwiri chimodzimodzi, koma chachisanu chinathera pakati. Kusuzumira m'chitsime, mayo ine, pampu ili poyera, madzi atatsika. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mu Epulo muja ndinayeza mphamvu ya pampu, osati madzi amene chitsime chimatha kubweza. Kuti abwerere pankapita theka la tsiku.

Abale, masiku amenewo sindinkakhala pansi. Kuyatsa pampu, kuzimitsa, kusuzumira, kuyezanso, ngati kuti chigubu chisintha maganizo. Nsima ndinkadya choimirira. Ndinapukuta sola, ndinasintha payipi, ndinapalasa njinga mpaka ku Ludzi kukatenga wokumba zitsime kuti azamitse, koma anakumana ndi mwala. Timadzi tochepato tinkalimbirana ndi akukhitchini. Mkazi wanga ndi azing'ono ake anayamba kusenza ndowa kuchokera kudambo, mtunda wonse uja, dzuwa likuswa mtengo. Koma fodya wa panazale amafuna kumwa m'mawa ndi madzulo, samva zoti mawa. Mbande zinafota, n'kumapsa bedi ndi bedi ine ndikuona. Linatsala limodzi.

Mvula itagwa, anzathu ali kalikiliki kuwokera, ife tinali khomo ndi khomo kupempha mbande zotsala. Theka la munda wa alamu linagona chaka chimenecho. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Alamu, madzi anu aja anathera m'foni." Mpaka lero tikakumana, moni wawo ndi wapakamwa chabe, ndipo zimandipweteka.

Inu amene mwaika pampu pachitsime, chonde musachite phuma ngati ine. Yezani chilimwe chitakhwima, osati mvula itangotha. Musakhulupirire chigubu choyamba. Isiyeni pampu iyende ola lathunthu mukuyeza mobwerezabwereza, ndipo madzi akatha, werengani nthawi imene akutenga kuti abwerere. Mukatero, funsaninso amene wakhala akutunga pamenepo, ndipo akamayankha mutseke pakamwa.

Tsiku lina ndikufuna chomangira mbuzi, ndinatsitsa chingwe chakale chotungira madzi chimene mkazi wanga anachipachika pakhonde pampu itabwera. Chinali ndi mfundo zitatu, pamene ankalumikiza madzi akamatsika. Muyeso weniweni wa chitsime chathu unali ukulendewera pamenepo nthawi yonseyi, pamwamba penipeni pa mpando umene ndinakhalira pochita masamu anga aja.